A Chavula Asamba M'manja mu Supu

A Herbert Chavula anaphunzitsa Chingerezi ku pulayimale zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo m'zaka zonsezo palibe mwana amene anawamvapo akunena kuti sakudziwa. Ndi matenda a aphunzitsi amenewa. Munthu ukazolowera kuima kutsogolo ndi choko m'manja, pakamwa pamaiwala kufunsa. Atafika ku Bolton, ku Mangalande, kudzagwira ntchito yosamalira okalamba, anapeza kuti Chingerezi chomwe ankakwapulira ana a eni ake ku Zomba sichinali chomwe azungu a kuno amalankhula. A kuno amameza theka la mawu, theka linalo n'kulitulutsira m'mphuno. Ndiye a Chavula anapeza njira yawoyawo. Ankayang'ana manja a wolankhulayo, n'kumwetulira, n'kunena kuti "yes, yes." Miyezi isanu ndi itatu inatha akudyera njira imeneyi.

Loweruka lina anakwera sitima ziwiri ndi basi imodzi kupita ku Rotherham, atavala jekete yobwereka kwa Lyton, mnzawo wa kuntchito. Ankapita kukaonana ndi mwana wawo wamkazi, Taonga. Mwanayu anachoka ku Malawi ndi mayi ake, Ennie, ali ndi zaka zisanu. Ukwati unathera pa foni patapita zaka zochepa, ndipo bambo ndi mwana anali asanamvane mawu kwa zaka khumi ndi zinayi. Nambala yake anachita kukapempha kwa mlamu wawo. Atalemba uthenga wautali wodzaza mavesi, yankho la Taonga linabwera la mizere iwiri: adzadya nawo nkhomaliro kamodzi, akatero adzaona ngati n'kofunika kuonananso. Mawu akuti kamodziwo a Chavula anagona nawo, kudzuka nawo. Ankadziwa kuti akakalakwitsa lero, mwana ameneyu sadzamuonanso.

Malo amene Taonga anasankha anali kanyumba kodyeramo zakudya za ku Japan, kopanikizika pakati pa shopu yometera ndi ina yokonza mafoni. Pakhomo panalendewera kansalu kong'ambidwa pakati, kolekeza m'mutu basi, ndipo a Chavula anaima kaye kudabwa kuti katani wotereyu amatchinga chiyani. Atangolowa, mayi wina womanga kansalu pamphumi anakuwa kuchokera kukhitchini, mzungu wadazi wonyamula mbale n'kukuwanso mawu omwewo. A Chavula anadzidzimuka n'kubwerera m'mbuyo, maso pansi, poganiza kuti aponda posayenera kuponda. Palibe amene anatembenuka. Patapita nthawi ndi pamene anazindikira kuti aliyense wolowa amamukuwira chimodzimodzi, kuti kumeneko ndiye kulonjera kwake kwa anthu amenewa.

A Chavula anamuzindikira Taonga ndi chipumi, chipumi cha kwa a Chavula chosabisika ndi tsitsi lililonse. Anali atakhala patebulo lakukhoma, atavala juzi ya kuntchito. Anaimirira n'kutambasula manja pang'ono ngati wofuna kukumbatira, pamene bambo ake anali atatulutsa kale dzanja lamanja, lamanzere litagwira chigongono. Ataona zimenezi, Taonga anabweza manja n'kutulutsa limodzi, koma a Chavula anali atasintha kale maganizo n'kutambasula onse awiri. Pomaliza anangogwirana zala n'kukhala pansi.

"Mwakula, mama," anatero a Chavula. "Muli bwanji?"

Chichewa Taonga ankachimva, koma anayankha m'Chingerezi, Chingerezi chenicheni cha ku Rotherham, chothamanga ngati minibasi yomwe yatsala munthu mmodzi kuti idzaze.

"Yes, yes," anatero a Chavula akumwetulira.

Nkhope ya mwana inauma. A Chavula anaona koma sanadziwe chifukwa chake. Mwina ndi jekete, anaganiza choncho, chifukwa Lyton ndi wamapewa aakulu.

Mzungu wadazi uja anabwera ndi mapepala a zakudya. Dzina lake, monga linalembedwera pachifuwa, linali Ryan, ndipo anali mwamuna wa mayi wa kukhitchini uja. Analankhula zambirimbiri, koma a Chavula anatolapo liwu limodzi lokha, la "love," limene bamboyo ankawaitana nalo iwo, munthu wamwamuna mnzake wa imvi m'mutu. Anayang'ana Taonga kuti aone ngati naye wadabwa, koma Taonga anali akuloza zithunzi papepala, akuwafunsa mafunso, limodzi pambuyo pa linzake. Pa zithunzipo panali timibulu ta mpunga tovekedwa lamba wakuda, ndi mbale zazikulu za zinthu zolengalenga. A Chavula ankangoti "yes, yes," ndipo aliyense wa ma "yes" amenewa akatuluka, mwana ankamangitsa milomo. Pa tebulo panalibe supuni, panalibe foloko, panali timitengo tiwiri m'kapepala. Thukuta linayamba kuwatsika m'khwapa.

Kenako Ryan anabwera ndi kambale kamodzi kakuda, kakutulutsa nthunzi, n'kukaika patsogolo pa a Chavula. Nthawi yomweyo foni ya Taonga inalira. Analoza kambaleko, n'kunena mawu angapo mofulumira uku akunyamuka, bambo ake n'kumuyankha monga mwa nthawi zonse. Anatuluka panja kukalankhula.

A Chavula anayang'ana m'kambalemo ndipo mtima unakhala pansi koyamba chilowereni m'nyumbamo. Pomaliza chabwera chinthu chimene akuchidziwa! Madzi ofunda, obwera chakudya chisanafike, oyambira kwa wamkulu, opanda supuni pambali. Kodi pamenepa pali chofunsa? Anali otuwa pang'ono ngati asungunuliramo sopo, ndipo tizidutswa toyera ta sopoyo tinkaoneka pansi. Pamwamba pankayandama timasamba tobiriwira, mwina tonunkhiritsa. Miyezi isanu ndi itatu yonse kuno palibe mzungu amene anawapatsapo madzi osamba m'manja, ndiye anthu a ku Japan anawalowa mumtima nthawi yomweyo. Awa ndiye anthu oleredwa, anaganiza choncho, anthu aulemu ngati ife.

Anavula wotchi, n'kupinda manja a jekete ndi a malaya. Kambaleko kanali kakang'ono, moti anayamba ndi dzanja lamanja, kenako lamanzere. Anatola kachidutswa koyera kaja kuti apake, koma kanangophwanyika m'zala osachita thovu. Sopo wofewa ngati ameneyu anali asanamuonepo. Madziwo ankanunkhira nsomba pang'ono, koma m'nyumba ya nsomba ungayembekezere chiyani? Anasamba bwinobwino mpaka m'zikhadabo, n'kukutumula zala m'kambale momwemo kuti asadonthezere patebulo.

Taonga atabwerera, anamukankhira kambaleko ndi manja awiri.

"Sambani, mama, madzi asanazizire."

Taonga anaima osakhala pansi. Anayang'ana kambale, kenako manja a bambo ake, pamene tsamba limodzi lobiriwira linali litamata pachala chapakati. Ryan, amene ankabwera ndi kathabwa koyalidwa timibulu ta mpunga tija, anaima njii pakati pa njira. Mayi wina patebulo loyandikana anagwira pakamwa n'kutembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka.

"That's soup," anatero Taonga. Koyamba tsiku limenelo analankhula pang'onopang'ono, ndipo a Chavula anamva liwu lililonse, ngakhale akanakonda kuti asamve.

Manyazi anawagwira kuyambira kuphazi. Anafuna kubisa manja pansi pa tebulo, koma ankadontha. Ryan anaika kathabwa kaja, n'kuchotsa kambale mwakachetechete ngati munthu wochotsa mphika wa wodwala, n'kubwera ndi kathawulo konyowa. Anawasisita paphewa n'kunena zina zake zothera pa "love." A Chavula anapukuta zala chimodzichimodzi, maso ali pa kathawulo, akudziuza kuti basi, zatha, abwerera ku Bolton opanda mwana chifukwa cha supu.

Koma Taonga sanaseke ndipo sanachoke. Anakhala pansi n'kuwayang'anitsitsa. Kuyambira pamenepo ankalankhula Chingerezi chake mosamala, liwu lililonse palokha.

"Pamene ndimatuluka paja ndanena chiyani?"

"Mwati... ndiyambe kusamba."

"Ayi. Ndati ndi supu, muzimwera m'kambale momwemo chifukwa kuno sapereka supuni. Inu mwati yes. Nanga pamene ndinakufunsani ngati mumadya nsomba yaiwisi?"

"Yaiwisi?" A Chavula anatulutsa maso pa kathabwa kaja. Tinthu tofiirira tomwe tinagona pamwamba pa mpungapo tinali tisanaonepo moto.

"Munati yes, yes. Nditakufunsani ngati ulendo unali wovuta munati yes, nditafunsa ngati unali wosavuta munatinso yes."

Panalibenso pothawira. Mawu amene anawakanika zaka zonse za uphunzitsi anatuluka movutikira, m'Chichewa.

"Sindikumvani, mama. Mukamalankhula mothamanga ndimangomva ngati mvula pamalata. Ngakhale kuntchito ndi chimodzimodzi. Ndimangoyang'ana manja."

Iwo ankayembekezera kuti mwana akwiya kapena aseka. M'malo mwake Taonga anatsamira kumbuyo, milomo ili yasa, akuwayang'ana ngati akuwerenga chinthu cholembedwa pachipumi pawo. A Chavula anayamba kuganiza kuti mwina Chichewa chawo nacho sichinamveke.

"Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi ndinakuimbirani foni," anatero Taonga. "Ndekha, mami asakudziwa. Mukukumbukira?"

Ankakumbukira bwino. Inali nthawi ya buleki, ali m'chipinda cha aphunzitsi, anzawo asanu ndi mmodzi akumwa tiyi. Ataona nambala yakunja anaimirira n'kulengeza kuti mwana wawo wa ku Mangalande akuimba, onse n'kuika makapu pansi kuti amve mphunzitsi wa Chingerezi akucheza ndi mwana wake m'Chingerezi. Foni inkakhadzula, kamawu kamwanako kankathamanga, ndipo sanatolepo kanthu ngakhale kamodzi. Ndiye anayankha mokweza, akumwetulira, kuti anzawo aone kuti zikuyenda. Kenako foni inaduka. Patatha sabata, Ennie analemba kuti mwana sakufunanso kulankhula nawo, iwo n'kungoganiza kuti mayi wamudyetsa mawu.

"Ndikukumbukira," anatero. "Munandiuza za kusukulu."

Taonga anapukusa mutu. Atatsegula pakamwa, chimene chinatuluka chinali Chichewa, Chichewa cha mwana wa zaka zisanu chimene chinaima kukula tsiku lomwe anakwera ndege.

"Ine ndinamva muli ndi mwana wina. Ndinafunsa, adadi, ine simundifunanso? Inu munati yes, yes. Ndinafunsa kawiri."

A Chavula anamva ngati mpando wachoka pansi pawo. Mwana wina analipodi nthawi imeneyo, wa miyezi itatu, ameneyo sakanamukana. Koma funso linalo! Anaona kamtsikana kataima m'kakhonde kozizira, foni ili kukhutu, kakumva bambo ake akuvomera mosangalala, mokweza, kawiri konse. Ndipo anzawo aja anawaombera m'manja foni itaduka. Chisoni chimene chinawagwira chinali chachikulu kuposa manyazi a supu, chachikulu kuposa chilichonse chimene anamvapo, moti mawu onse okongola amene anakonzekera m'sitima anauluka.

"Sindinamve, Tao. Mulungu ndi mboni, sindinamve ngakhale liwu limodzi. Munali anthu m'chipindamo. Ndinachita manyazi kunena kuti ubwereze."

"Manyazi," anatero Taonga, akubwereza liwulo ngati akulilawa. Anabwerera ku Chingerezi chake chapang'onopang'ono. "Chabwino. Kusamva kumeneko ndi kwa tsiku limodzi. Nanga zaka khumi ndi zinayi? Mami atakulemberani, simunadabwe kuti mwana wakwiya ndi chiyani?"

"Ndinadabwa."

"Ndiye?"

Anafunafuna chonena. Akanatha kunena za mtengo wa mayunitsi, za ziphaso zoyendera zomwe anawakaniza, za Ennie ndi ukali wake. Zonsezo zinali zoona ndithu, koma manja awo ankanunkhabe nsomba.

"Sindinafunse. Palibe chifukwa china."

"Chifukwa chachabechabe chimenecho."

"Eya, ndi chachabechabe."

Pamenepo Ryan anafika ndi mbale ziwiri zazikulu za chakudya chomwe amachitcha rameni, ndi foloko imene anaiika pafupi ndi a Chavula. Munali msuzi wambiri woyera, zingwezingwe zangati supageti, nyama yankhumba yodulidwa mopyapyala, dzira lophikidwa mosapsetsa, ndi kapepala kakuda koimikidwa m'mbali. A Chavula sanadziwe ngati nkhani yatha kapena yangoima kaye, ngati akhululukidwa kapena aweruzidwa. Taonga anang'amba timitengo take n'kuweramira m'mbale. Bambo wina wovala tayi patebulo lapakona ankafwenkha zingwezo ndi phokoso loti kwathu mwana akanalandira nalo khofi, koma palibe amene ankamuyang'ana. Taonga naye anayamba kufwenkha chimodzimodzi. Mphuno yake inkatuluka madzi, maso ali ofiira, ndipo bambo ake sanathe kudziwa ngati ndi misozi kapena nthunzi.

A Chavula anatola foloko, kenako anaiikanso pansi.

"Kapepala kakudaka, n'kodya kapena n'kokongoletsa?"

Taonga anadzutsa mutu. "N'kodya. Ndi ndere za m'nyanja."

"Nanga chobiriwira chili pakathabwachi, ndi peyala?"

"Ayi! Musayerekeze. Chimawawa kuposa kambuzi."

Anadya. Msuziwo unali wokoma modabwitsa, wonona ngati wa mapazi a ng'ombe, koma zingwezo zinkathawa pafoloko n'kuwathira madontho pamalaya. Nsomba yaiwisi analawa kamodzi chifukwa mwana ankawayang'ana, n'kuimeza yosatafuna ngati piritsi. Anafunsa za ntchito yake, Taonga n'kunena kuti ali mu ofesi ya nyumba yaikulu yosungiramo katundu kunja kwa tawuni. Kawiri konse a Chavula anati, "Bwereza, sindinamve," ndipo kawiri konse mwana anabwereza, koma osamwetulira. Mayankho ake anali afupiafupi. Za Loweruka lina, za kuonananso, sanatchule.

Itakwana hafu pasiti wani, Taonga anayang'ana nthawi n'kunena kuti akulowa ntchito thu koloko. A Chavula asanapeze n'komwe chikwama m'matumba a jekete yachilendoyo, iye anali atagunditsa kale foni pa kamakina kolipirira ka Ryan. Ryan anatulutsa kakhadi kakang'ono, n'kukadinda kawiri ndi chidindo, n'kumupatsa. Taonga anavala chikhoti, n'kuima akutembenuza kakhadiko m'zala. Kenako anakaponya pafupi ndi mbale ya bambo ake, n'kunena mawu angapo maso ali kumbali, mothamanga ngati poyamba paja. A Chavula anatsegula pakamwa kuti anene kuti abwereze, koma mwana anali atawerama kale pansi pa kansalu ka pakhomo. Anamuona pawindo akuthamangira basi.

Anatsala okha ndi kakhadi. Panali timizere tozungulira khumi, tiwiri todindidwa kansomba kofiira, ndi zilembo za ku Japan zangati mapazi a nkhuku. Kodi ndi lisiti? Kodi ndi chenjezo chifukwa cha supu uja, loti akalakwa kakhumi sadzaloledwanso kulowa? Nanga mwana wati chiyani? Mwina watsanzika kotheratu, iwo n'kukhala pano osadziwa, ngati tsiku lija. Ryan ankapukuta tebulo loyandikana nalo, ndipo a Chavula anakweza dzanja monga ankachitira ana awo a Sitandade seveni.

"Excuse me, sir. I did not understand. Please, slowly."

Ryan anakoka mpando umene Taonga anakhalapo n'kukhala, chopukutira chili paphewa. Analoza timizere tija ndi chala chake chonenepa n'kufotokoza pang'onopang'ono. Munthu akadya mbale imodzi ya rameni, amadinda kamodzi. Lero adya mbale ziwiri, ndiye adinda kawiri. Timizere tonse khumi tikadzaza, mbale yotsatira imakhala yaulere.

"Nanga mwana wanga wati chiyani pochoka paja? Munamva?"

"Ndamva. Wati kakhadika musunge ndinu, chifukwa iye amataya. N'zoona, kameneka ndi kachitatu chaka chino. Wati mudzabwere nako sabata ya mawa ikatha, Loweruka, nthawi yomweyi."

"Bwerezani."

Ryan anabwereza. A Chavula anagwira kakhadiko ndi manja awiri. Chimwemwe chinawadzaza mpaka m'maso, osachita nacho manyazi. Anawerenga timizere topanda kanthu ndi chala. Tinali tisanu ndi titatu. Mbale ziwiri ulendo uliwonse, ndiye kuti Maloweruka anayi okha, kakhadi n'kutha. Anawerenganso kachiwiri, yankho n'kukhala lomwelo.

"Bambo Ryan, ndipemphe chinthu. Tikamabwera awirife, muzidinda kamodzi basi."

Ryan anakanda dazi lake. Anati chiyambireni bizinesiyi anthu amamupempha kuti awonjezere zidindo, koma wopempha kuti achepetse anali asanamuonepo. Mwina simunamvetse, anatero, n'kuyambanso kufotokoza kuchokera pachiyambi, kuti akatero mbale yaulere ija idzachedwa kwambiri kufika.

"Ndamva bwinobwino," anatero a Chavula. "Ndikufuna ichedwe."